Kodi dziwe la madzi a mvula lingameze madzi a suweji oyeretsedwa?

Kamtsinje

Moni nonse. Ndikupempha maganizo kwa inu amene mumadziwa za madzi a pansi pa nthaka.

Pali dziwe lokumbidwa kuti lizilandira madzi a mvula ochokera m'ngalande za m'misewu, madziwo azikhala momwemo mpaka atalowa pansi okha. Pansi pa dziweli ndi mamita 60 m'litali ndi mamita 40 m'lifupi, kuya kwake mamita 2.5. Nthaka yake ndi mchenga wokhala ndi kadongo pang'ono. Madzi a pansi amapezeka pa mamita 9 m'chilimwe, ndipo mvula ikagwa bwino amakwera kufika pa mamita 7. Miyezi yambiri pa chaka dziweli limangokhala louma gwa.

Chapafupi pali malo oyeretsera madzi a suweji omwe amatulutsa makiyubiki mita 1,000 pa tsiku, onse n'kumathera mumtsinje, pomwe madzi m'mijigo ya m'deralo akunka natsika chaka ndi chaka. Ganizo lilipo n'lakuti madzi oyeretsedwawo azithiridwa m'dziwe lija nthawi yopanda mvula. Zotsatira za ku labotale ndi izi: tinyalala toyandama 25 mg/L (mamiligalamu pa lita), BOD (muyeso wa zinthu zowola zotsalira m'madzi) 20 mg/L, amoniya 18 mg/L, nayitireti 4 mg/L (ziwiri zomalizazi poyeza nayitirojeni wake). Poyeza ndi mphete yachitsulo yokhomera m'nthaka, madzi oyera analowa mamita 1.5 pa tsiku. Mjigo wa madzi akumwa woyandikira kwambiri uli pa mamita 150, mbali imene madzi a pansi amalowera.

Kodi dziweli lingameze madzi onsewo? Lisinthidwe pati? Nanga mjigo uja udzakhala bwanji?

Chitsime77

A Kamtsinje, ganizoli si lachilendo. Ku Montebello Forebay, m'chigawo cha Los Angeles, akhala akulowetsa pansi madzi a suweji oyeretsedwa kuyambira 1962, m'maiwe omwewo amene amalandira madzi a mvula. Ku Atlantis, kumpoto kwa Cape Town, ayenda nayo njirayi kwa zaka zoposa 40. Ku Shafdan, pafupi ndi Tel Aviv m'dziko la Israel, anayamba mu 1977, ndipo madzi amene amapopa pansipo amakathirira minda ku chipululu cha Negev. Choncho n'zotheka. Koma dziwe lanuli makiyubiki mita 1,000 pa tsiku silingameze, ndipo chifukwa chake n'chimene chiyenera kumveka bwino, poti zina zonse zikutsamira pomwepo.

Dziwe la madzi a mvula limagwira bwino ntchito chifukwa limapuma. Limadzaza, pakatha masiku awiri kapena atatu laphwa, kenako dzuwa n'kuliwamba kwa milungu. Madzi a suweji alibe tchuthi, amabwera usana ndi usiku. Mukangolumikiza paipi n'kuisiya yotsegula, masiku oyamba muona madzi akulowa bwinobwino, koma posakhalitsa dziwelo lisanduka thamanda lobiriwira. Chimene chimatseka ndi nkhanambo yopyapyala ya pamwamba penipeni, nthawi zambiri mamilimita ochepa chabe mpaka masentimita angapo. Imapangidwa ndi tinyalala tija, ndere, ndi utomoni wa mabakiteriya amene amadya zotsalira za m'madzimo. Ndere zimawonjezera vuto lina: masana zimayamwa mpweya wa kaboni m'madzi, asidi n'kuchepa (pH n'kukwera), laimu wa m'madzi n'kugwa pansi, n'kumata mchenga ngati simenti. Mchenga wa pansi pa nkhanamboyo umakhala udakali wabwino.

Nambala ya mamita 1.5 ija musamangirepo pulani. Mphete yaing'ono imanamiza chifukwa madzi akangodutsa mlomo wake amamwazikira m'mbali, pomwe pakati pa dziwe lalikulu alibe kothawira koma pansi pokha. Komanso anali madzi oyera, pa nthaka youma, kwa maola ochepa. Poyambira ine ndingatenge gawo limodzi mwa magawo asanu, mamita 0.3 pa tsiku, mpaka mutayesa ndi madzi enieniwo pa kadziwe ka mamita 3 mbali zonse kwa milungu ingapo. Ndiye poti malo aliwonse azikhala ndi madzi tsiku limodzi mwa masiku atatu, kapena masiku awiri mwa asanu ndi limodzi, pa avareji mukupeza mamita 0.1 pa tsiku. Pa masikweya mita 2,400 ndiye makiyubiki mita 240 pa tsiku. Kuti mumeze 1,000 pakufunika hekitala yathunthu. Ndi dziwe limodzili mukukamba za gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ngati masiku opanda mvula ali 250, ndi makiyubiki mita 60,000 pa chaka. Si madzi ochepa amenewo, bola aliyense adziwiretu kuti otsalawo azipitabe kumene akupita lero.

Dziwelo muligawe patatu, chipinda chilichonse masikweya mita 800, ndi timilambala tatifupi ta masentimita 50. Tikhale tatifupi dala, kuti mvula yamphamvu ikabwera madzi azingodutsa pamwamba dziwe lonse n'kugwira ntchito yake yakale. Chipinda chilichonse chikhale ndi chotsekera chakechake, mita yoyezera madzi olowa, ndi ndodo ya manambala yozika pansi. Pamene paipi ikuthirira muyalepo miyala kapena konkire, apo ayi madzi amafukula dothi n'kulimwaza pansi ponse, ndipo dothi lofukulidwalo ndi limene limakatseka kwina.

Kuya kwa madzi kusapitirire masentimita 30. Apa ambiri amaphonya, chifukwa amaganiza kuti madzi akuya ndiwo akankhe bwino. Kumayambiriro zimaoneka choncho, koma kulemera kwa madziwo kumatsendereza nkhanambo ija n'kuisandutsa yolimba. Madzi akuya amakhalitsanso, ndere n'kupeza mpata woswana, ndipo chipinda chimatenga nthawi kuti chiphwe. Madzi osaya amaphwa tsiku lomwelo, nkhanambo n'kuuma, kung'aluka, kupindika m'mphepete ngati zibade. Kung'aluka kumeneko ndiye chizindikiro choti chipinda chakonzeka kulandiranso. Kukakhala mitambo kapena kozizira, masiku oumitsa muwonjezere, musamangotsatira kalendala. Kusinthana kotereku kumathandizanso pa udzudzu, chifukwa kukamatentha dzira limasanduka udzudzu wouluka pakangotha mlungu umodzi kapena masiku 10, ndiye madzi asagone malo amodzi kupitirira masiku anayi.

Tinyalala ta 25 mg/L n'tambiri. Pa makiyubiki mita 240 ndi makilogalamu 6 tsiku lililonse, matani oposa awiri mutathira chaka chonse, onse pamwamba pa mchenga wanu. Yesetsani kutsitsa kufika pansi pa 10 mg/L, ndi sefa ya mchenga kapena dziwe lodekhetsera madzi. Kutsuka sefa n'kosavuta poyerekeza ndi kupala dziwe.

Chomaliza, musaiwale mwini dziwe, amene ndi mvula. Walira mvula walira matope: madzi a m'misewu amabwera ndi dothi, mafuta a galimoto, zinki wa ku matayala ndi malata, kopa wa ku mabuleki. Ngati polowera palibe kadziwe kogwira matope, kumbani kaye kameneko. Ndipo m'malamulo a kayendetsedwe mulembemo momveka kuti mvula ndiyo imayamba. Kukamveka kuti kukubwera mvula yambiri, chotsekera cha suweji chitsekedwe kukadali tsiku limodzi kapena awiri. Malo amene madzi a suweji amatenga si aakulu, makiyubiki mita 240 mwa 6,000, koma nthaka yokhuta kale madzi ndi yomatidwa ndi nkhanambo simeza mvula msanga monga anawerengera amene anakumba dziwelo. Mvula yachiwiri ikapeza yoyamba isanaphwe, madzi amasefukira kupita kunyumba za anthu, ndipo tsopano amakhala osakanikirana ndi a suweji.

NaPhiri

Zimene afotokoza a Chitsime77 ndikugwirizana nazo. Ine nkhawa yanga ili pa amoniya wa 18 mg/L uja, chifukwa kusinthana konyowetsa ndi kuumitsa kumene kumateteza dziwe kuti lisatseke n'komwenso kumasandutsa amoniya kukhala nayitireti.

Zimayenda chonchi. Chipinda chikakhala ndi madzi, mpweya m'nthaka umachepa, ndipo amoniya amakakamira pa tidongo ta m'nthakamo. Miligalamu imodzi ya nayitirojeni wa amoniya imafuna mamiligalamu pafupifupi 4.6 a okosijeni kuti isinthe, ndiye 18 akufuna oposa 80, pomwe lita ya madzi imanyamula 8 kapena 9 okha. Ndiye amoniyayo amadikira. Chipinda chikaphwa mpweya n'kulowa m'nthaka, mabakiteriya amamusandutsa nayitireti yense pamodzi. Nayitireti sakakamira pa dothi. Madzi oyamba a ulendo wotsatira amamukokolola, n'kutsika naye ngati funde limodzi. Amene amatunga madzi oyeza kamodzi pa mwezi atha kuliphonya fundeli, kapena kuligwira n'kudabwa kuti nayitireti waposa bwanji amene analowa. Nayitirojeni wanu yense, 22 mg/L, atasanduka nayitireti ndi pafupifupi 97 mg/L, pomwe malire a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pa madzi akumwa ndi 50 mg/L. Oopsezedwa kwambiri ndi makanda omwetsedwa mkaka wosungunula ndi madzi otero, chifukwa magazi awo amalephera kunyamula mpweya.

Nthaka imatha kuchotsako nayitireti, mabakiteriya ena n'kumusandutsa mpweya wouluka, koma zimafuna malo opanda okosijeni komanso chakudya cha kaboni chokwanira pa nthawi yomweyo. Madzi a BOD 20 alibe chakudya chokwanira nayitirojeni 22. Pa kafukufuku wa Flushing Meadows ku Phoenix, ku America, amene Herman Bouwer ndi anzake anayamba mu 1967, anaona kuti kuthira masiku ambiri motsatizana komanso kuchepetsa madzi olowa kumachotsa nayitirojeni wochulukirapo. Koma kuthira masiku ambiri n'kumene dziwe la mvula silingalole, pa zifukwa za udzudzu ndi kusefukira zanenedwa kale. Choncho nayitirojeni achotsedwe kumalo oyeretsera, afike pansi pa 10 mg/L yense pamodzi asananyamuke. Ku California malire a madzi olowetsa pansi ndi omwewo.

Chachiwiri, chimene chimachitika makamaka m'maiwe olandira mitundu iwiri ya madzi, ndi sodiyamu. Madzi a suweji amakhala ndi sodiyamu wambiri wochokera ku mchere ndi sopo. Miyezi yonse yopanda mvula sodiyamuyo amalanda malo a kashiyamu pa tidongo. Vuto silioneka nthawi imeneyo, chifukwa mchere wa m'madzimo umagwirizira tidongoto pamodzi. Limaonekera mvula yoyamba ikagwa. Madzi a mvula alibe mchere, ndiye tidongo todzaza sodiyamu timatupa, n'kumwazikana, n'kutsika kukatseka timipata ta mchenga. Dziwe limafa tsiku limene likufunika kwambiri, ndipo kuumitsa sikuchiza bwino kutseka kwa mtundu umenewu. Muyezetse sodiyamu, kashiyamu ndi maginiziyamu kuti mupeze SAR, nambala yosonyeza kuchuluka kwa sodiyamu poyerekeza ndi ziwiri zinazo. Malangizo a bungwe la zaulimi ndi chakudya padziko lonse la FAO pa madzi othirira amati SAR ikakhala pakati pa 3 ndi 6, madzi a mchere wochepera 0.3 dS/m (muyeso wa mchere m'madzi) amawononga kwambiri kalowedwe ka madzi m'nthaka, ndipo madzi a mvula amakhala pansi pa pamenepo. Mwanena kuti mchenga wanu uli ndi kadongo. Tengani dothi la m'dziwemo, muike m'paipi yoimika, mudutsemo madzi a suweji kwa milungu ingapo, kenako muthiremo a mvula, muone ngati liwiro ligwa. Likagwa, mankhwala ake ndi jipisamu (ufa wa mwala wokhala ndi kashiyamu) womwaza pansi mvula isanayambe.

Tizilombo toyambitsa matenda nthaka imagwira bwino ndithu, bola madzi adutse mamita angapo a mchenga wokhala ndi mpweya asanafike pa madzi a pansi. Mazira a njoka za m'mimba, ndi tizilombo totsegula m'mimba ta Giardia ndi Cryptosporidium zimatsalira pamwamba, mabakiteriya ambiri m'mita yoyamba kapena yachiwiri. Mavairasi ndiwo amayenda patali, ndipo madzi a mvula opanda mchere aja amatha kumasula amene anali atakakamira kale pa mchenga. Pophera tizilombo madzi asanapite kudziwe, kuwala kwa UV kuli bwino kuposa kolorini, chifukwa kolorini akakumana ndi zotsalira za m'madzi a suweji amabala mankhwala ena osafunika, ndipo pamene pali amoniya pamatha kubadwa NDMA, mankhwala oganiziridwa kuti amayambitsa khansa.

Zilipo zimene nthaka simachotsa n'komwe kapena imangochotsa pang'ono: kolorayidi, boroni, mankhwala a khunyu a carbamazepine, chotsekemeretsa cha sucralose, ndi mankhwala osawola a m'mafakitale otchedwa PFAS. Ndiye funsani kuti m'mapaipi a suwejiwo mumalowanso za m'mafakitale kapena ayi. Ku Atlantis anachita kulekanitsa: suweji ya m'nyumba kwayokha, ya m'mafakitale kwayokha, ndipo madzi amchere kwambiri amakawathira m'maiwe a kufupi ndi nyanja, kutali ndi mijigo ya madzi akumwa, komwe amathandiza kutchinga madzi a m'nyanja kuti asalowe kumtunda.

Muyezenso zimene zili kale m'nthaka. Okosijeni akatha pansipo, manganizi ndi ayironi zimasungunuka, nthawi zina pamodzi ndi aseniki, amene malire ake a WHO ndi mamaikulogalamu 10 pa lita. Ku Shafdan analimbana nalo vuto la manganizi m'mijigo yawo. Ndipo matope akale a m'dziwe lanu, amene asonkhanitsa zitsulo za m'misewu kwa zaka, muwapale n'kuwachotsa dontho loyamba lisanagwe.

Mkumba Mijigo

A Kamtsinje, pa mafunso anu atatu, lachitatu ndilo lingaimitse ntchito yonse, ndiye muyambe nalo ndalama isanapite ku mapaipi.

Choyamba, mamita 7 aja mukuyezera pamwamba pa nthaka. Dziwe n'lakuya 2.5, ndiye pansi pake patsala mamita 4.5 m'dzinja ndi 6.5 m'chilimwe. Mukayamba kuthira, madzi a pansi amatukumuka pansi pa dziwe ngati chulu. Kutalika kwa chuluko kumadalira mmene nthaka ya pansi imathamangitsira madzi chammbali. Mchenga wonyowa ukakhala wokhuthala mamita 10, wolola madzi kudutsa mamita 20 pa tsiku, makiyubiki mita 240 angatukumule madzi osafika mita imodzi. Ukakhala wodutsa mamita 2 okha pa tsiku, chulu chomwecho chikwera mamita angapo, n'kutha kufika pansi pa dziwe. Zikatero mchenga wa mpweya uja, umene a NaPhiri akudalira pa tizilombo, watha, ndipo dziwe limaleka kumeza ngakhale pamwamba pali poyera. Njira yowerengera kutalika kwa chulu ya katswiri Hantush ya 1967 imathandiza, koma imafuna manambala enieni ochokera pa kupopa mjigo koyesera, osati ongoganizira.

Boolani maenje osachepera atatu m'dziwemo mpaka pa madzi, mukulemba dothi la theka lililonse la mita. Mukufuna kudziwa ngati pali mzere wa dongo pakati. Dongo la masentimita 20 pa kuya kwa mamita awiri limakwanira kuimitsa madzi pamwamba pake n'kuwapatutsira m'mbali, kukatulukira m'chigwa kapena pansi pa maziko a nyumba. Mayeso a mphete sangalione. Mukamaliza, maenjewo muwatseke ndi dongo lotupa lotchedwa bentonite, asasanduke njira yachidule. Mukapeza kuti pansi pa mchenga wochepa pali thanthwe la ming'alu kapena mwala wa laimu wa mphako, isiyeni ntchitoyi, chifukwa m'ming'alu madzi amathamanga osasefedwa.

Tsopano mjigo. Liwiro la madzi a pansi timalipeza pochulukitsa kadutsidwe ka mchenga ndi kutsetsereka kwa madziwo, n'kugawa ndi gawo la timipata. Titenge mamita 20 pa tsiku, kutsetsereka 0.005, timipata 0.25: mamita 0.4 pa tsiku, ndiye mamita 150 ndi masiku 375. Zikuoneka zabwino. Koma chulu chikukankha uku, mjigo ukukoka uko, kutsetsereka kutha kufika 0.01, masiku n'kutsala 190. Ndipo pakakhala kamzere kamodzi ka mchenga waukulu kodutsa mamita 100 pa tsiku, madzi oyamba afika m'masiku osakwana 40. Vairasi amayenda ndi madzi oyambawo, osati ndi avareji.

N'chifukwa chake malamulo a ku California a 2014 sakhulupirira kwambiri masamu a papepala. Amafuna mavairasi achepetsedwe kakhumi maulendo 12 motsatizana, kuchokera ku suweji yosayeretsa mpaka pa mjigo. Mwezi umodzi pansi pa nthaka amauwerengera ngati ulendo umodzi, osapitirira isanu ndi umodzi, ndipo madzi asakhale pansi nthawi yochepera miyezi iwiri. Koma mwezi wotsimikizidwa ndi mankhwala olondolera madzi ndiwo amauwerengera wathunthu. Wopezedwa pa kompyuta amaudula pakati, wa masamu ngati angawa amangotengapo gawo limodzi mwa anayi. Masiku 190 aja pamenepo atsala osakwana 50.

Ndiye ikani mijigo yoyang'anira: umodzi kumtunda kwa dziwe, umodzi m'mphepete mwake, iwiri pakati pa dziwe ndi mjigo wa madzi akumwa, pa mamita 30 ndi pa mamita 80. Muyeze madzi ake kwa chaka chathunthu musanathire kanthu, kuti mudzadziwe chimene chasintha. Mukayamba, mchere wa madzi a suweji ndiwo ukhale mlondoli wanu: kachipangizo koyeza mchere kokhala m'mjigo kadzakuuzani tsiku limene madzi afika. Pa mamita 150 ine sindingalole anthu apitirize kumwa mpaka zimenezi zitadziwika. Mwina mjigowo usinthidwe ntchito ukhale wothirira, wa madzi akumwa ukaboolere kumtunda.

Kamtsinje

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso, makamaka pa za sodiyamu ndi masiku 40 aja. Pali mfundo ziwiri zimene anthu akupereka pofuna kuti dziwe limeze madzi ambiri. Ena akuti pansi payalidwe miyala ing'onoing'ono kuti pasamatseke. Ena akuti m'dziwemo mubooledwe maenje akuya odzaza miyala kuti madzi azitsika msanga. Ndiye pa kasamalidwe, kodi kugaula ndi thirakitala nthawi ndi nthawi sikungakwanire?

Chitsime77

Zonse ziwiri ayi, a Kamtsinje.

Miyala siletsa kutseka, imangobisa. Tinyalala timadutsa pakati pa miyala n'kukaunjikana pamene miyala yakumana ndi mchenga. Pamenepo dzuwa silifika, nkhanambo siuma, sing'aluka, ndipo simungaipale popanda kuchotsa kaye miyala yonse. Ubwino waukulu wa dziwe lotsegula n'woti malo otseka ali poyera, mumawaona, mumawafikira. Ngati mukufuna kuyalapo kanthu, yalani mchenga wotsuka wa masentimita 15 mpaka 20 umene muziupala pang'onopang'ono n'kudzabwezeretsa wina.

Maenje akuya ndiye oopsa. Amalumpha mamita apamwamba amene ntchito yoyeretsa imachitikira, n'kukatula madzi pafupi ndi madzi a pansi. Amatsekanso mkati momwe simungakonze. Kumene amakankhira madzi pansi kudzera m'mijigo, monga ku Orange County ku California, madziwo amakhala atadutsa kale m'masefa a timabowo tosaoneka ndi maso, mu reverse osmosis (sefa yochotsa ngakhale mchere), ndi mu UV wophatikiza ndi hydrogen peroxide. Madzi a BOD 20 sali m'gulu limenelo.

Kugaula kuli ndi malo ake, koma kukhale kwachiwiri. Mukagaula nkhanambo ikadalipo, mukukwirira matope m'nthaka. Liwiro limakwera kwa milungu ingapo, anthu n'kusangalala, koma chaka ndi chaka masentimita 20 apamwamba amadzaza dothi losalala mpaka mudzachotse onsewo. Ndondomeko yake ndi iyi: umitsani chipinda mpaka nkhanambo ipindike, palani masentimita awiri mpaka asanu, tulutsani zopalazo kunja kwa dziwe pamalo oti mvula singazibweze, kenako ndiye mugaule mosazamitsa kuti mumasule pamene makina apondaponda. Makina alowe nthaka itauma, akhale opepuka kapena oyenda pa matcheni, chifukwa tayala lolemera pa mchenga wonyowa limatsendereza mozama kuposa pamene khasu la thirakitala lingafike.

Nthawi yopala musaione pa kalendala. Pa ulendo uliwonse, mukatseka madzi, werengani ndodo ija, mubwerenso pakatha maola atatu, mulembe masentimita amene atsika. Ngati liwiro mutaumitsa likubwerera pafupi ndi la poyamba, kuumitsa kukukwanira. Likatsika kufika theka osabwereranso, palani. Likakhalabe pansi mutapala, vuto lili mkati, ndipo mjigo wa m'mphepete uja ukuuzani: madzi ake akakwera ndi chulu cha a Mkumba Mijigo, akapanda kukwera ganizirani dongo lomwazika la a NaPhiri kapena kutsendereka kwa makina.

NaPhiri

Ndiwonjezere pa kayambidwe. Chaka choyamba thirani chipinda chimodzi chokha, chakutali kwambiri ndi mjigo wa madzi akumwa, pa theka la mlingo. Nthaka yatsopano imafuna milungu ingapo kuti mabakiteriya oyeretsa akhazikike, ndiye zotsatira za mwezi woyamba sizinena zoona, kaya zikhale zabwino kapena zoipa.

Pa paipi yochokera koyeretsera ikani choyezera kuda kwa madzi cholumikizidwa ndi chotsekera, kuti magetsi akazima kapena matope akathawa m'matanki, madzi azibwerera okha ku njira yakale. Usiku umodzi wa matope othawa umatha kumata chipinda chonse. Musanatsegule kanthu, lembaninso manambala oimitsira ntchito, onse asaine: madzi m'mjigo wa m'mphepete akafika mamita awiri kuchokera pansi pa dziwe, nayitireti pa mjigo wa mamita 80 akapitirira theka la malire a WHO, mabakiteriya a m'chimbudzi a E. coli akapezeka pamenepo maulendo awiri motsatizana, kapena manganizi akayamba kukwera. Manambala otere akalembedwa vuto litabuka kale amakhala okambirana, ndipo chotsekera chimachedwa kutsekedwa.

Potunga madzi oyeza nayitireti m'mjigo wa m'mphepete, kwa maulendo atatu kapena anayi oyamba tungani tsiku lililonse kuyambira pamene mwatsegula madzi mpaka chipinda chiphwe ndi masiku angapo pambuyo pake. Mukadziwa tsiku limene funde limadutsa, ndiye muzitunga tsiku limenelo ndi lina lapakati.